Za Kusamala Odwala Misala ku Nyanja ya Chilwa

Abale okondedwa a ku Kachulu ndi a pa cisumbu ca Chisi, mwezi uno tinena za nthenda imene mabanja ambiri amaibisa cifukwa ca manyazi. Madokotala aicha schizophrenia, dzina limene Eugen Bleuler wa ku Switzerland anaipatsa m'caka ca 1908. Wodwalayo amamva mau a anthu osaoneka, amayesa kuti abale ace amfunira zoipa, naleka kusamba ndi kugwira nchito. Si ufiti ai, ndipo cingwe kapena ndodo siziciza munthu. Ndi nthenda ya ubongo, yogwira ngati munthu mmodzi mwa anthu 300 pa dziko lonse.

Kale m'dziko lino odwala otere anasungidwa monga akaidi, pakuti nyumba yao yoyamba, ya m'caka ca 1910, inali m'manja mwa ndende ya ku Zomba. Cipatala ca misala ca ku Zomba cinatsegulidwa m'caka ca 1953. Caka ca 1952 Jean Delay ndi Pierre Deniker ku Paris anayamba kupatsa odwala chlorpromazine, ndipo haloperidol anapezeka m'caka ca 1958. Mankhwala awa amacepetsa mphamvu ya dopamine m'ubongo, natontholetsa mau aja, kotero kuti ambiri akhoza kukhala kwao. Cifukwa cace nchito ya namwino igweranso inu a pa banja.

Coyamba, wodwala asaleke mankhwala pamene waona bwino, pakuti nthendayo imabweranso. Amene aiwalaiwala mapiritsi afunse namwino za jekeseni ya fluphenazine, imene imakhala m'thupi masabata angapo. Msodzi wopita kukagona m'zimbowera anyamule mankhwala okwanira, ndipo abwerere ku mtunda tsiku la jekeseni lisanafike.

Caciwiri, penyetsetsani thupi lace. Manja akanjenjemera, dobvu likatuluka, khosi likapindika kapena maso akatembenukira kumwamba, musati mizimu yamgwira: ndi mankhwalawo acita tero. Pitani naye kwa namwino, amene angacepetse muyeso kapena kumpatsa benzhexol. Koma thupi likatentha kwambiri, likauma gwa, ndi nzeru zikasokonezeka, musangoti ndi malungo. Thamangani naye ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo munene mankhwala amene akumwa, pakuti moyo wace uli pa ngozi.

Cacitatu, chlorpromazine amagonetsa tulo, amacititsa cizungulire munthu akadzuka msanga, ndiponso khungu limapsa ndi dzuwa. Tsono wongoyamba kumwa asapalase bwato yekha. Abvale cipewa poyanika matemba, amwe madzi ambiri, ndipo podzuka ayambe wakhala tsonga pang'ono.

Cacinai, mowa ndi camba ndiwo adani a mankhwalawa. Kacasu amaonjeza tulo ndi cizungulire, ndipo camba cimautsa nthenda imene inagona.

Potsiriza, musamkhazike pa yekha monga mlendo m'nyumba mwace. Mpatseni nchito yopepuka, kusoka ukonde kapena kupalira m'dimba, mudye naye mbale imodzi, ndipo polankhula za mau amene akumva musamseke kapena kutsutsana naye mwaukali. Mukaona kuti wayamba kusagona usiku ndi kudzilankhulira yekha, kapena anena za kudzipha, musadikire kuti mwezi uthe. Mperekezeni inu nomwe kwa namwino.