Kompyuta Ikakana Kutsegula Pulogalamu, Kufomata Kudikire Kaye

Pa Sharpevale, m'mbali mwa msewu wa M5 m'boma la Ntcheu, kompyuta ndi mpamba wa bizinesi. Ndi imene anyamata amaikira nyimbo ndi mafilimu m'ma memory card. Ndi yomweyo imene imatayipa makalata ofunsira ntchito, mayeso a ana asukulu ndi makadi oitanira anthu ku ukwati. Ikangokana kutsegula Word, kapena pulogalamu ya zithunzi ikamatseguka n'kudzitsekanso yokha, tsiku limenelo ndalama ya ndiwo siipezeka.

Nthawi zambiri pasikirini pamatuluka kabokosi ka uthenga wa Chingerezi konena kuti fayilo ina, monga VCRUNTIME140.dll, yasowa kapena yawonongeka. Mwini kompyuta akathamangira kwa wokonza, mankhwala amene amauzidwa ndi kufomata, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo Windows watsopano. Apa m'pamene anthu amataya zithunzi za banja ndi ntchito za makasitomala za zaka zingapo chifukwa cha vuto loti likanatha pa ola limodzi.

Pulogalamu siigwira ntchito payokha. Imadalira mafayilo a Windows, ambiri mwa iwo ali m'foda yotchedwa System32, amene mapulogalamu osiyanasiyana amabwerekana ngati mtondo umodzi wosinjiramo mudzi wonse. Fayilo imodzi ikawonongeka, mapulogalamu onse oidalira amaima.

Kodi fayilo imodzi ingavutitse chomwecho? Pa 19 July 2024 kampani ya ku America yoteteza makompyuta, CrowdStrike, inatumiza kwa makasitomala ake kafayilo kolakwika. Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni a Windows anagwa. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala m'mayiko ambiri zinasokonekera. Akatswiri sanafomate makinawo: ankawayatsa mu Safe Mode n'kuchotsa kafayilo kamodziko, basi.

Kuno kwathu chowononga chachikulu ndi magetsi. Kompyuta ikakhala pakati polemba fayilo pa hard disk, makamaka pamene Windows akudzikonza ndi ma update, magetsi n'kuthima, fayiloyo imatsala yolembedwa theka. Anthu sanaiwale za 2022, pamene namondwe wotchedwa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunapitirira mpaka chaka chotsatira. Ogwiritsa ntchito sola nawonso sapulumuka, poti batire ikafooka madzulo inverter imadula mosachenjeza. Kuwonjezera apo pali mavairasi oyenda m'ma flash, mapulogalamu obedwa pa intaneti amene amasintha mafayilo a Windows, ndi ma hard disk okalamba a makompyuta a kaunjika amene amavutikanso ndi fumbi ndi kutentha kwa m'chigwa cha Bwanje.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Windows ali ndi zida zake zodzikonzera, zaulere. Choyamba ndi System File Checker, chimene chakhalapo kuyambira pa Windows 98. Munthu amalemba cmd pa malo ofufuzira, n'kusankha Run as administrator. Pamatseguka kawindo kakuda, ndipo pamenepo amalemba sfc /scannow n'kudina Enter. Manambala amayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka 100 peresenti. Chidachi chimayendera mafayilo otetezedwa a Windows, ndipo owonongeka chimawasinthanitsa ndi abwino amene Windows anasunga padera. Pamafunika kudekha, chifukwa nambala ikhoza kuima pamalo amodzi kwa mphindi zingapo ngati yafa. Kutseka kawindoko kapena kuzimitsa makina panthawiyo n'kudziwonjezera mavuto, n'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kuyambika batire ili yodzaza.

Nthawi zina chidachi chimanena kuti chapeza mafayilo owonongeka koma ena chalephera kuwakonza. Apa ndiye kuti nkhokwe imene chimatengako mafayilo abwino nayonso yawonongeka. Kuyambira pa Windows 8 kupita m'tsogolo, nkhokweyo imakonzedwa polemba DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth m'kawindo komweko. Lamuloli limakoka mafayilo kwa Microsoft, motero pamafunika bando yokwanira ndi netiweki yosadukaduka. Likatha, munthu amabwerezanso sfc /scannow n'kuyatsanso kompyuta.

Uthenga wa VCRUNTIME140.dll uja uli ndi mankhwala akeake. Fayiloyi imabwera ndi Microsoft Visual C++ Redistributable, ndipo kuikanso phukusi limeneli kuchokera pa tsamba la Microsoft kumathetsa nkhaniyo. Masamba ena amene amagawa mafayilo a DLL imodziimodzi ndi oyenera kuwapewa, pakuti ena mwa iwo amalowetsa vairasi m'makina.

Vuto likamabwererabe pakapita masiku ochepa, wokayikiridwa ndi hard disk. Lamulo la chkdsk C: /r limafufuza malo owonongeka pa diski, ndipo limatha kutenga maola. Diski ikamalira kuti tiki tiki, kapena malo owonongekawo akamachuluka, palibe lamulo limene lingaipulumutse. Chanzeru n'kukopera mafayilo ofunika kwina tsiku lomwelo, n'kugula diski ina.

Kufomata kuli ndi nthawi yake, makamaka vairasi ikazika mizu, koma kuyenera kukhala kotsiriza, zonse zofunika zitakopedwa kale. Ndipo wofomata aganizirenso za Windows amene akuikamo: Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, pomwe Windows 10 inamusiya pa 14 October 2025.

Kwa amene kompyuta imamudyetsa pa Sharpevale, Golomoti kapena pa Balaka, UPS yaing'ono yopereka mphindi zochepa zozimitsira makina mwadongosolo ndi yotchipa kuyerekeza ndi hard disk yatsopano pamodzi ndi makasitomala othawa. Okonza makompyuta nawonso achite chilungamo: asanakhudze diski ya munthu, ayambe ayesa sfc ndi DISM, ndipo amufunse mwiniwake ngati mafayilo ake ali ndi kope kwina.