Tsabola ndi Maungu Ang'ono m'Dimba Limodzi

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 akafika pa Jenda aona matimati, anyezi, kabichi ndi mbatatesi zili mbwee m'mbali mwa msewu. Anthu a kumwera kwa Mzimba adziwa kulima ndiwo. Koma pamene onse alima mbewu imodzi, onse akolola nthawi imodzi, ndipo mtengo ugwa. Mwezi uno tifuna kufotokoza za mbewu zina ziwiri zimene zikhoza kukhala pamodzi m'kadimba kakang'ono: tsabola, ndi maungu ang'ono aja amene m'misika ya m'tauni awatcha zukini kapena baby marrow.

Mbewu zonse ziwiri makolo ake anachokera ku America. Tsabola alipo wowawa, monga kambuzi, ndi wosawawa wobiriwira uja wa zipatso zazikulu. Wosawawayu ali ndi vitamini C wambiri kupambana lalanje, ndipo ayenera ana. Zukini ndi mbale wa maungu athu, koma mtundu uwu anaukonza alimi a ku Italy m'zaka za m'ma 1800. Sayanga ayi, angokhala chitsamba pamalo amodzi, ndipo tidya zipatso zake zikali zanthete.

Chinthu chachikulu chimene mlimi ayenera kudziwa ndi ichi: zukini ndi wofulumira, tsabola ndi wochedwa. Zukini abala patapita masabata 6 kufikira 8 chibzalire. Tsabola akhala pa nazale masabata 6 kufikira 8, ndipo akawokedwa afunanso masabata 10 kapena 12 asanayambe kutcheredwa. Ngati mubzala ziwirizi mothithikana, masamba aakulu a zukini aphimba tsabola, ndipo tsabola angotalika wosabala. Koma mukapatsa iliyonse malo ake ndi nthawi yake, imodzi itha pamene inzake iyamba, ndipo dimba silikhala chabe.

Nthawi yobzala

Dziko la Mzimba ndi lokwera, ndipo Juni ndi Julayi ndi miyezi yozizira kwambiri. M'madambo chisanu chiwauka mbewu usiku umodzi wokha. Tsabola ndi zukini onse aopa chisanu, tsono musafulumire. Fesani tsabola pa nazale m'mwezi wa Ogasiti, ndi kuphimba ndi udzu wouma kufikira atamera. Nthawi zina atenga masabata awiri kapena atatu kuti amere. Musataye mtima, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumapeto kwa Ogasiti, kukayamba kufunda, bzalani zukini m'dimba momwemo, njere ziwiri pa phando, ndipo zikamera zonse zulani yofowoka. Tsabola muwoke kumayambiriro kwa Okutobala, nthawi ya madzulo. Zukini mudzadya kuyambira pakati pa Okutobala, ndipo pofika Disembala adzakhala atatopa. Pamenepo muzuleni, tsabola atsale ndi malo onse.

Kagawidwe ka malo

Tiyese kuti muli ndi malo a mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Mzere wa kumwera ukhale wa zukini, mapando anayi, otalikirana mita imodzi. Tinena kumwera chifukwa kufikira chakumapeto kwa Okutobala dzuwa lipendekera kumpoto, ndipo mthunzi ugwa kunja kwa dimba. Siyani mpata wa mita imodzi, ndipo pangani mizere iwiri ya tsabola yotalikirana masentimita 60, mbewu ndi mbewu masentimita 45. Mudzapeza mitengo ya tsabola 18. Mapando anayi a zukini aoneka ochepa, koma akwanira banja lonse. Popeza tsabola adzabala mvula itayamba, kwezani mizere yake kuti madzi asaime, ndipo musasankhe pakati pa dambo pamene pasefukira.

Manyowa ndi madzi

Mwa ichi anthu a kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ali ndi mwayi, pakuti makola a ng'ombe ngambiri. Tengani manyowa owolerana bwino, osati ndowe zaziwisi zimene zitentha mizu. Zukini ndi wadyera: thirani theka la ndowa pa phando. Tsabola akwana ndi manja awiri. Mukachulutsa manyowa kapena feteleza, tsabola achita masamba okhaokha. Thirirani pa tsinde, osati pa masamba, ndipo yalani udzu pansi kuti chinyezi chisathawe m'dzuwa la Okutobala. Tsabola akasowa madzi ayoyola maluwa.

Matenda ndi tizilombo

Tsabola ndi mbale wa matimati, mbatatesi, mabiringanya ndi fodya, ndipo matenda awo ndi amodzi. Musamubzale pamene panali mbewu zimenezi chaka chatha, makamaka ngati zinafota kapena zinali ndi timatudza ku mizu. Wogwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbande. Nsabwe za m'masamba zigwira mbewu zonse ziwiri, ndipo zitenga matenda opinimbiritsa kuchoka pa ina kumka pa inzake. Yang'anani kunsi kwa masamba kawiri pa sabata, ndipo mbewu ya masamba amawangamawanga opotana muizule ndi kuitentha. Masamba a zukini amene ayera ngati awazidwa ufa, adulidwe ndi kukwiriridwa. Zipatso zoboledwa ndi ntchentche zikwiriridwenso mozama.

Zukini ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi, monga maungu. Laikazi lili ndi kachipatso kumbuyo kwake. Njuchi ndizo zinyamula mungu m'mawa, ndipo popanda izo kachipatso kafota ndi kugwa. Chifukwa chake musapopere mankhwala m'mawa pamene maluwa ali otseguka.

Kukolola

Dulani zukini ndi mpeni akafika masentimita 15. Chitani chomwecho masiku awiri kapena atatu aliwonse, pakuti mukasiya chipatso chimodzi chikule, chitsamba chileka kubala. Zukini sasungika masiku ambiri, ndipo si onse amudziwa. Tsono yambani ndi wa pakhomo. Muphike ndi matimati ndi anyezi. Musakuze dimba musanafunse ogula pa boma la Mzimba, pa Jenda kapena ku Mzuzu. Tsabola wowawa alibe vuto limeneli, chifukwa akapsa mukhoza kumuyanika ndi kumusunga.

Inu aphunzitsi, kadimba kotere kakwana kuseri kwa sukulu, ndipo ana aphunzirapo kuyesa, kuwerenga masabata ndi kusamala mbewu. Werengerani nkhaniyi anzanu a m'mudzi amene sadziwa kuwerenga. Wofuna kudziwa zambiri za mbewu kapena mankhwala aonane ndi Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake mwezi wa Ogasiti usanafike.