MAWAYA OFUNDITSA NYUMBA KU JOHANNESBURG

Onse amene anagwirako nchito ku Joni adziwa kuti cisanu ca June ndi July si camasewera. Mzindawo uli pamtunda woposa mamita 1,700, ndipo pa 10 July 2023 kunagwa cipale cofewa. Mbaula ithandiza ndithu, koma mpweya wace wapha anthu ambiri ogona atatseka mazenera.

Cifukwa cace eni nyumba ena amayala mawaya a magetsi pansi pa matailosi. Mmisiri ayamba waika zochinjiriza kuti kutentha kusathawire m'nthaka. Pamwamba pace ayala waya, namuyesa asanathire simenti, pakuti waya woduka atakwiriridwa afuna kuswanso matailosi. Wayayo safupikitsidwa ndi kumdula, ndiponso sayalidwa pansi pa makabati. Kacipangizo ka pakhoma kazimitsa moto pamene pansi pafunda. Lamulo la dzikolo lifuna kuti wolumikiza akhale mmisiri wolembedwa, wopereka cikalata ca umboni.

Koma munthu wolandira pa mwezi ayambe wawerengera. Cipinda ca masikweya mita 12, pa mawati 150 mita iri yonse, cidya mayuniti pafupi-fupi awiri pa ora limodzi waya akuyaka. Ndipo magetsi akazimitsidwa, monga anacitira a Eskom masiku ambiri m'caka ca 2023, pansipo pazizira pang'ono-pang'ono. Abale athu ocita lendi, amene ndiwo ambiri, asayerekeze kuzula matailosi mwini nyumba asanabvomere.