BOMA LA BANDA KU INDIA: MVULA IMAGWA, KOMA LUDZU SILITHA

Munthu wa kuno kwathu akamva dzina lakuti Banda amayamba waganiza za mfunda, mwinanso za mnansi wake. Komatu kutali ku India kuli boma lodziwika ndi dzina lomweli, ngakhale kuti palibe chibale pakati pa maina awiriwa. Eni dziko amati dzina la boma lawo linachokera kwa Bamdeo, munthu wopembedza wa makedzana amene iwo amakhulupirira kuti anakhalapo m'deralo. M'nkhani ya lero tiyendera boma limeneli kuti tione malo ake, anthu ake ndi mbiri yake, ndiponso funso limene lasautsa alimi ake kwa zaka zambiri: kodi madzi a mvula angasungidwe bwanji kuti munda udyetse mwini wake chaka chonse?

Malo ake ndi anthu ake

Boma la Banda lili kummwera kwa chigawo cha Uttar Pradesh, chimene chili ndi anthu ambiri koposa zigawo zonse za India. Limapezeka m'dera la mbiri yakale lotchedwa Bundelkhand, limene mbali ina ili mu Uttar Pradesh ndipo mbali ina ili m'chigawo cha Madhya Pradesh. Kumpoto bomali lachita malire ndi mtsinje waukulu wa Yamuna, kummwera ndi Madhya Pradesh, ndipo kuvuma kuli boma la Chitrakoot, limene linali mbali ya Banda mpaka pamene linapatulidwa mu 1997. Kukula kwake ndi makilomita pafupifupi 4,400 m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi.

Kalembera wa 2011 anapeza anthu 1,799,410 m'bomali, ndipo mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 85 anali okhala kumudzi. Chilankhulo cha m'sukulu ndi m'maofesi ndi Chihindi, koma pakhomo ndi kumunda ambiri amalankhula Chibundeli, chimene ndi chapachibale ndi Chihindi. Odziwa kulemba ndi kuwerenga anali pafupifupi 67 mwa 100, koma pakati pa amayi anali ongopitirira theka pang'ono. Kalembera yemweyo anaonetsanso chinthu chodandaulitsa, chakuti pa amuna 1,000 alionse panali akazi 863 okha. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi mwambo wokondetsa mwana wamwamuna, pakuti kumeneko makolo a mkwatibwi ndiwo amapereka chuma kubanja la mkwati. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi wa magulu otchedwa Dalit, amene mwambo wakale wosankhana mwa kubadwa unawaika pansi penipeni, ndipo ambiri a iwo ali ndi minda yaing'ono kapena alibiretu.

Bomali limatsogozedwa ndi bwanamkubwa, amene kumeneko amatchedwa District Magistrate. Pansi pake pali madera asanu oyang'anira za malo ndi misonkho: Banda, Baberu, Atarra, Naraini ndi Pailani. Mtsogoleri wa mudzi, wotchedwa pradhan, salowa ufumu mwa magazi ayi, koma amasankhidwa ndi anthu zaka zisanu zilizonse, ndipo lamulo limasungira amayi mpando umodzi mwa mipando itatu iliyonse.

Linga la paphiri

Dera limeneli silinayambe lero kudziwika. Kummwera kwa bomali kuli phiri la Kalinjar, ndipo pamwamba pake pali linga lamiyala limene mafumu a Chandela analilimbitsa zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Mu 1545 mfumu Sher Shah Suri, imene inkalamulira kumpoto kwa India, inafera pa linga limeneli pamene wonga unaphulika iyo ili mkati molizinga. Angerezi analanda lingali mu 1812. Pa kuukira kwakukulu kwa 1857, Ali Bahadur wachiwiri, amene anali Nawab kapena kuti wolamulira wa Banda, anakhala mbali ya oukirawo, koma asilikali a Angerezi anamugonjetsa mu 1858.

Chimene mlendo amadabwa nacho pa Kalinjar si makoma okha. Pamwamba pa phiripo pali maiwe amene anasemedwa m'thanthwe kuti azikola madzi a mvula. Omanga lingalo anadziwa kuti m'dziko lotere khoma lopanda madzi silingasunge munthu. Mafumu a Chandela anakumbitsanso maiwe ambiri m'dera lonse la Bundelkhand, ndipo ena a iwo alipobe mpaka lero.

Nthaka ndi nyengo

Mtsinje umene uli moyo wa bomali ndi Ken. Umachokera ku Madhya Pradesh, nuyenda makilomita 427, nudutsa m'mbali mwa tauni ya Banda, kenaka nukathira mu Yamuna pafupi ndi Chilla. M'mtsinjemu mumapezeka mwala wotchedwa shajar, umene ukadulidwa ndi kupukutidwa umaonetsa zithunzi zonga mitengo ndi masamba, ndipo amisiri a m'tauni amapangira mphete ndi zokongoletsa zina. Mlakatuli Kedarnath Agarwal, amene anabadwira ku Kamasin m'boma lomweli mu 1911, nagwira ntchito ya uloya ku Banda, analemba ndakatulo zambiri za mtsinjewu ndi za alimi a m'mbali mwake.

Alimi a ku Banda amasiyanitsa nthaka mitundu inayi. Mar ndi kabar ndi makande akuda, amene amamata ngati ulimbo akanyowa ndipo amang'aluka ming'alu yaikulu akauma. Parwa ndi dothi lopepuka losavuta kulima, pamene rakar ndi dothi lamiyala la m'malo otsetsereka. M'mbali mwa Ken ndi Yamuna madzi akumba zigwembe zimene zadya minda yambiri.

Ulimi uli ndi nyengo ziwiri. Yoyamba, yotchedwa kharif, imayamba ndi mvula ya mu June kapena July, ndipo amadzala mpunga, mapira, chitowe ndi nandolo, yemwe uja amene alimi athu amagulitsa ku India. Yachiwiri, yotchedwa rabi, ndi ya m'miyezi yozizira, kuyambira October kapena November kufikira March kapena April, ndipo amalima tirigu, tchana, mpiru ndi mbewu zina za mtundu wa nyemba. Mbewu za nyengo yachiwiriyi zimadalira chinyontho chimene mvula inasiya m'nthaka, kapena madzi othirira. Mbali ina ya bomali imalandira madzi kuchokera m'ngalande za Ken zimene zinakumbidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma minda yambiri imangoyang'ana kumwamba.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mvula ya ku Banda si yochepa kwenikweni, pakuti pachaka imakwana mamilimita pafupifupi 900. Vuto ndi lakuti pafupifupi yonse imagwa m'miyezi inayi yokha, ndipo kawirikawiri imagwa yamkuntho m'masiku owerengeka. Makande akakhuta salolanso madzi kulowa pansi, ndipo kummwera kuli thanthwe lolimba limene silisunga madzi ambiri. Motero madzi amathamangira kumtsinje atanyamula dothi lachonde. Pofika April zitsime zimakhala zitayamba kuphwa, pomwe dzuwa likuswa mtengo. Pa 15 May 2022 kutentha ku Banda kunafika madigiri 49.

Chilala ndi zotsatira zake

Pakati pa 2004 ndi 2008 dera la Bundelkhand linaona chilala cha zaka zotsatizana. Mlimi amene anakongola ndalama kubanki kapena kwa akatapila kuti agule mbewu ndi feteleza anatsala ndi ngongole yokhayokha, ndipo nyuzipepala za ku India zinalemba kambiri za alimi amene anadzipha chifukwa chosowa pogwira. Mu 2009 boma la India linapatula ndalama zoposa marupi 72 biliyoni zothandizira dera lonselo, makamaka pa ntchito za madzi ndi ulimi. Ngakhale zinatero, mvula itavutanso mu 2014 ndi 2015, mavuto omwe aja anabwerera.

Chilala chimabala ana ake. Woyamba ndi ulendo. Anyamata, ndipo nthawi zina mabanja athunthu, amakwera sitima kupita ku Delhi, ku Surat ndi kumizinda ina kukagwira ntchito yomanga nyumba kapena kuumba njerwa, ndipo kumudzi kumatsala nkhalamba ndi nyumba zokhoma. Wachiwiri ndi ng'ombe zosokera. Kumeneko kuli chizolowezi chotchedwa anna pratha, chomasula ng'ombe kuti zidzifunire zokha msipu pamene chakudya chasowa. Popeza Ahindu amalemekeza ng'ombe ndipo lamulo la Uttar Pradesh limaletsa kuzipha, ng'ombe zosiya kupereka mkaka zimangoyendayenda m'magulu, ndipo alimi amagona kumunda usiku wozizira kulondera tirigu wawo. Wachitatu ndi mkangano wa mchenga. Mchenga wofiira wa mu Ken umafunidwa kwambiri pa zomangamanga, ndipo anthu a m'mbali mwa mtsinjewu akhala akudandaula kuti makina okumba mopyola muyeso akuononga mtsinje umene iwo amamwa.

Amayi sanakhale chete

Katundu wolemera wa mavuto amenewa amagwera amayi, pakuti ndiwo amayenda mitunda kukatunga madzi ndiponso ndiwo amatsala ndi ana bambo akapita kutauni. N'chifukwa chake n'zosadabwitsa kuti mawu amphamvu ochokera ku Banda akhala a amayi. Mu 2006 mayi Sampat Pal Devi anatsogolera kukhazikitsidwa kwa gulu la Gulabi Gang, la amayi ovala nsalu zofiirira ndi kunyamula ndodo zansungwi. Iwo ankapita gulu kwa mwamuna womenya mkazi wake, kapena kuofesi kumene dandaulo la mmphawi lanyalanyazidwa, kukafunsa chilungamo. Ena anawadzudzula chifukwa cha ndodozo, koma mbiri yawo inamveka dziko lonse lapansi.

Palinso Khabar Lahariya, nyuzipepala imene inayamba mu 2002 ku Chitrakoot ndipo pambuyo pake inafika ku Banda. Atolankhani ake ndi amayi a kumudzi, ambiri a iwo a magulu onyozedwa aja, ndipo anayamba ndi kulemba m'chilankhulo cha anthu wamba nkhani za mijigo yoonongeka, misewu yosatha ndi malipiro ochedwa. Patapita zaka anasamukira pa intaneti, namajambula nkhani zawo ndi mafoni a m'manja.

Njira ziwiri

Pofuna kuthetsa ludzu la Banda pali njira ziwiri zimene zikuyesedwa. Yoyamba ndi yaikulu ndi yodula. Mu December 2021 nduna za boma la India zinavomereza ntchito yolumikiza mtsinje wa Ken ndi wa Betwa pa mtengo wa marupi oposa 446 biliyoni, ndipo nduna yaikulu Narendra Modi anaika mwala wa maziko ku Khajuraho pa 25 December 2024. Cholinga ndi kumanga damu ku Daudhan ndi kukumba ngalande ya makilomita 221, ndipo Banda ali m'gulu la maboma olonjezedwa madzi othirira ndi akumwa. Otsutsa akuti damulo lidzamiza mbali ya nkhalango ya Panna, yosungirako akambuku aakulu a mizeremizere, lidzasamutsa midzi, ndiponso kuti Ken alibe madzi otsala oti n'kugawira mtsinje wina. Banda ali kumunsi kwa damulo, choncho yankho la mtsutsowu lidzaonekera pakhomo pake.

Njira yachiwiri ndi ya khasu. M'mudzi wa Jakhni, mwa utsogoleri wa Uma Shankar Pandey, anthu anagwirizana kuunda milambala kuzungulira munda uliwonse, kudzala mitengo pamilambalapo, ndi kufukula maiwe akale amene anakwiririka. Nzeru yake ndi yapafupi: madzi akaimitsidwa pamene agwera amapeza nthawi yolowa pansi, ndipo amene alowa pansi ndiwo amatuluka m'chitsime m'chilimwe. Madzi a m'zitsime za Jakhni anakwera, alimi anayamba kukolola mpunga, ndipo mudziwo unasanduka chitsanzo chimene midzi ina inadzaphunzirako. Mu 2023 boma la India linapatsa Pandey ulemu wa Padma Shri chifukwa cha ntchito imeneyi.

Sitinganene kuti milambala yokha ingamwetse anthu pafupifupi mamiliyoni awiri, ndiponso munthu wopanda munda alibe poti aunde mlambala. Koma akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo ku Banda mwambi umenewu ndi woona monga momwe ukumvekeramu. Mnyamata amene watsiriza sukulu ku Baberu kapena ku Naraini sangadikire zaka zonse zimene damu lidzatenge kuti lithe. Iye ayenera kusankha chaka chino kukwera sitima ya ku Delhi kapena kutsala pamunda wa atate ake, ndipo chimene chidzamuthandiza kusankha ndi kuya kwa madzi m'chitsime cha kwawo mwezi wa May ukafika.