Chimene chimabowola mano a akuluakulu

Alimi anzanga, dzino likayamba kuwawa nyengo yopalira, khasu limagona. Masiku awiri kapena atatu amatha, kenaka ndalama ya feteleza ija yapita pa ulendo wokazulitsa dzino ku chipatala. Ambiri timaganiza kuti kubowoka kwa mano ndi vuto la ana okonda maswiti. Ine ndikuti akuluakulufe ndiye tili pamoto, chifukwa lathu likazulidwa silimeranso.

M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamatirira ku mano. Tikalandira shuga timatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikutu cholimba cha dzino kwa mphindi 20 kapena 30, mwinanso kupitirira. Akatha, malovu amatsuka ndi kukonza pamene pawonongeka. Koma malovu amafuna nthawi.

Nkhani yagona pamenepa. Kuchuluka kwa shuga n'koipa ndithu, koma chimene timachiiwala ndi chakuti patsiku timaika shuga m'kamwa kangati. Tiyi wa masupuni anayi m'mawa, thobwa lothira shuga lomwe tikupsontha pang'onopang'ono kumunda, mzimbe pobwerera, madzulo Fanta ndi bisiketi pa sitolo: dzino lakhala m'asidi tsiku lonse, likufumbwa mwakachetechete ngati chimanga cha m'nkhokwe. Ena amati mzimbe umatsuka mano. Madzi ake ndi omwewo amapangira shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa.

Tikamakula nkhama zimabwerera m'mbuyo n'kusiya mizu ya mano pamtunda. Muzu ulibe chikutu cholimba chija, choncho umaola msanga.

M'chaka cha 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu imene timapeza m'chakudya. Kwa munthu wamkulu awa ndi masupuni a tiyi pafupifupi 12 patsiku.

Sindikuti musiye tiyi ayi. Zotsekemera zidyedwe pamodzi ndi chakudya, nthawi imodzi. Pakati pa tsiku imwani madzi, ndipo njala ikavuta tafunani mtedza.

Usiku malovu amachepa kwambiri, n'chifukwa chake tiyi wa shuga wogonera amawononga kuposa wam'mawa. Tsukani mano kawiri patsiku, makamaka musanagone, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Mukatha lavulani, koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano.