Kumanga Mzinda M'malire a Ufumu wa Roma: Masewera Omwe Amaphunzitsa Kusunga

Pali masewera a pakompyuta omwe wosewera sagwira lupanga. Amapatsidwa malo opanda kanthu, ndalama zochepa ndi anthu ofuna pokhala, ndipo ntchito yake ndi kulambula misewu, kukumba zitsime ndi kumanga nkhokwe mpaka mzinda utaima. Masewera otere akakhala a zaka zomaliza za ufumu wa Roma, m'mbali mwa mitsinje ya Rhine ndi Danube, amavuta mwa njira ina: mzindawo uyenera kupulumuka pomwe boma lomwe limausamala likutha mphamvu.

Mmene amaseweredwera

Chitsanzo chodziwika ndi Caesar III, ya kampani ya Impressions Games, yomwe inatuluka mu 1998. Mmenemo nyumba imakwera pokhapokha ikalandira madzi, chakudya, kachisi ndi malo osambira. Zinthuzi sizifika zokha. Mayi wa kumsika amakatenga tirigu kunkhokwe, wina n'kumayenda naye m'misewu kugawira makomo. Mukachulutsa mphambano, wogawirayo amasochera, mabanja amagona ndi njala ndipo amasamuka. Gemuyi si ya zaka zomaliza za Roma, koma mfundo yake ndi yomwe masewera onse a mtunduwu amatsamira: chomwe chili m'nkhokwe chilibe phindu ngati sichikufika pakhomo.

Yomwe inalowadi m'nthawiyi ndi Total War: Attila, ya Creative Assembly, ya 2015. Mbali yake yaikulu ndi nkhondo, komabe mumamanganso mizinda. Imayambira mu 395, chaka chomwe mfumu Theodosius I inamwalira ufumu n'kugawidwa kwa ana ake, Arcadius kum'mawa ndi Honorius kumadzulo. Wosankha kumadzulo amalandira dziko lalikulu, asilikali ochepa, anthu osakhutira ndi nyengo yomwe ikuzizirazizira, zokolola n'kumachepa.

Malirewo anali otani

Anthu ambiri akamva za malire a Roma amaganiza za linga la Hadrian ku Britain, lomwe anayamba kumanga mu 122, lotalika makilomita pafupifupi 117. Koma mbali yaikulu ya malire a ku Ulaya inali mitsinje yokhala ndi misasa, nsanja za alonda, madoko ndi misika. Anthu ankawoloka kukagulitsa katundu, kukafuna ntchito, ngakhale kukalowa usilikali wa Aroma. Pofika zaka za m'ma 300, gulu lankhondo linali pawiri: limitanei, okhazikika m'malire ndi mabanja awo, ndi comitatenses, oyendayenda kupita kulikonse komwe kwavuta. Mzinda wa Trier unafika pokhala likulu la mafumu chifukwa mfumu inkafunika kukhala pafupi ndi Rhine.

Nkhokwe ndi malipiro

Asilikali ankadya msonkho wa alimi, womwe nthawi zambiri unkaperekedwa ngati tirigu, vinyo, mafuta ndi nyama. Ndalama zinali zitatha mphamvu moti mu 301 mfumu Diocletian inakhazikitsa lamulo loika malire a mitengo ya katundu, koma silinagwire ntchito. Apa ndi pomwe wosewera amatuluka thukuta. Akakweza msonkho, alimi amathawa minda. Akautsitsa, alonda a pansanja salandira kanthu.

Mapeto ake akuoneka m'mbiri ya Severinus woyera wa ku Noricum, dera la m'mbali mwa Danube, yomwe Eugippius analemba mu 511. Ku Batavis, komwe lero ndi Passau, asilikali ena ananyamuka kupita ku Italy kukatengera anzawo malipiro. Anaphedwa panjira, ndipo mitembo yawo inabwera ndi madzi a mtsinje. Malire ambiri anatha choncho, malipiro atasiya kubwera.

Alendo pachipata

Mu 376, anthu a mtundu wa Goth, pothawa a Hun, anapempha kuwoloka Danube. Mfumu Valens inavomera poyembekezera kupeza asilikali ndi alimi. Koma akuluakulu oyang'anira ntchitoyo, Lupicinus ndi Maximus, anaona mpata wolemererapo. Wolemba mbiri Ammianus Marcellinus akuti ankapereka agalu oti adyedwe posinthana ndi anthu oti akhale akapolo. Njala inabala kuukira, ndipo mu 378 Valens anafera pankhondo ya ku Adrianople. Mu 410 Alaric, mtsogoleri wa a Goth, analanda mzinda wa Roma weniweniwo.

Gemu yabwino imamuika wosewera pachipata chomwechi. Kodi alendowa awapatse minda? Nanga chakudya chowafikitsa kukolola chilipo? Kodi amene wawatuma kukagawa ndi okhulupirika?

Chifukwa chake ndi ofunika

Masewera ambiri amazoloweza munthu kuti kupambana ndi kuwonjezera malo ndi chuma. A zaka zomaliza za Roma amamukakamiza kusankha mudzi woti ausiye kuti apulumutse itatu, ndi kumanga nkhokwe yachiwiri m'malo mwa bwalo la zisudzo. Wachinyamata amene walimbana ndi zisankho zotere amawerenga za 476, pomwe mtsogoleri wa asilikali Odoacer anachotsa mfumu yakumadzulo Romulus Augustulus pampando, akudziwa kale kuti ufumu wakumadzulo unali utayamba kalekale kulephera kudyetsa ndi kulipira anthu omwe ankaulondera.