Ku yunivesite kulibe belu

Anzanga, pano belu likalira timathamangira m'kalasi, ndipo ukajomba aphunzitsi amadziwa tsiku lomwelo. Koma pali ophunzira ena ku yunivesite amene alibe wowayimbira belu. Amenewa amaphunzira mosakaniza: mbali ina maso ndi maso ndi alekichala, mbali ina paokha kudzera pa intaneti.

Ku Mzuzu University ndi ku LUANAR kuli maphunziro otere otchedwa ODeL. Ophunzira amakakumana ndi alekichala kwa kanthawi kochepa, kenako amabwerera kwawo kukawerenga okha n'kumatumiza ntchito pa foni kapena kompyuta. Njira ya intanetiyi inamveka kwambiri mu 2020 pamene Covid-19 inatseketsa sukulu. Ndiye tangoganizani, munthu ali kwawo, mwina ali pantchito, mwina ali ndi ana, koma mayeso akumudikira. Amakhoza bwanji?

Katswiri wina wa ku America, Barry Zimmerman, anafotokoza kuti wophunzira wodziyendetsa yekha amadutsa masitepe atatu.

Loyamba ndi kukonzekera. Sanena kuti "lero ndiwerenga Biology" basi. Amanena kuti "pofika 5 koloko ndikhale nditatha kujambula selo ya chomera osayang'ana m'buku." Cholinga chotere chimaoneka poyera ngati chatheka kapena ayi.

Lachiwiri ndi kudzilondera uku akuwerenga. Apa ndiye pali nkhondo, chifukwa foni imene ili ndi manotsi ndi yomweyo ili ndi WhatsApp ndi TikTok. Wochenjera amatsitsiratu manotsi netiweki ikadalipo, n'kuzimitsa data kuti bandulo isathere zamacheza. Akakakamira penapake sakhala phee, amafunsa anzake kapena alekichala tsiku lopereka ntchito lisanafike.

Lachitatu ndi kudziyesa. Amatseka buku n'kulemba zimene akukumbukira. Kubwereza tsamba lomwelo kangapo kumanamiza: mawu amaoneka odziwika, koma pa mayeso mutu uli gwa! Akapeza kuti zambiri zathawa, sanena kuti "ndine mbuli." Amasintha njira kapena nthawi yowerengera, n'kuyambiranso sitepe loyamba.

Mwina mukuti, "Aaa, za ku yunivesite zikutikhudza chiyani ife a Fomu 2?" Ine ndikuona kuti zikutikhudza ndithu. Ife oyendera tilibe prepu ya usiku ngati anzathu ogonera pasukulu. Tikaweruka pali mtunda woyenda, madzi otunga, mbuzi, kudimba. Kuyambira masana mpaka m'mawa palibe mphunzitsi wotiyang'anira, chimodzimodzi wophunzira wa ODeL uja. Ndipo JCE siifunsa kuti unali ndi nyali kapena ayi.

Ndiye tiyese izi sabata ino. Tisanachoke pasukulu, aliyense alembe kumapeto kwa kope chinthu chimodzi chokha chimene achite kunyumba, ndi nthawi yake, makamaka dzuwa lisanalowe. Mawa lake pa njira, mnzako akufunse mafunso atatu buku lili m'chikwama. Ukayankha awiri, chonga. Ukalephera, pita nalo funsolo ku gulu lowerengera limodzi kapena kwa aphunzitsi.

Akulu amati m'mera mpoyamba. Amene aphunzire kudziyimbira yekha belu ali Fomu 2, ku yunivesite sakasowa pogwira.